Tireningi ya amayi ofuna pulomoshoni m'boma ija ndinapitako, nazi zomwe ndinapeza

Amayi anzanga ogwira ntchito m'boma, ambiri mwaona kapepala ka tireningi ija ya utsogoleri wa amayi kakuzungulira m'magulupu a WhatsApp, ndipo funso la aliyense ndi lomwelo lakuti kodi ndalama yakeyo ikupindula kapena ndi mawekishopu omwe aja ongodya nkhuku n'kubwerako ndi sitifiketi. Ine ndinalipira ndekha n'kupitako. Dzina la kampani yake sinditchula, amene munaona kapepalako mukuidziwa. Yankho langa ndi lakuti pitani, koma mupite mukudziwa kuti phindu lenileni lili m'magawo awiri, gawo la malamulo ndi gawo la intavyu yoyeserera. Zinazo zina ndi zongokometsera, zina zinandipweteka mtima ndithu ndipo ndizinena.

Ine ndimagwira pa khonsolo ina m'chigawo chapakati, ku ofesi ya mapulani ndi chitukuko. Giledi yanga yakhala yomweyomweyo kwa zaka zambiri, anyamata ena amene ndinawalandira ndekha n'kuwaonetsa kalembedwe ka lipoti pano ndimawatchula kuti abwana, ndiye nditaona tireningi yonena za kukonzekera maudindo akuluakulu m'boma sindinaganize kawiri.

Kulembetsa kwake n'kosavuta, amakutumizira linki, umadzaza fomu pafoni pomwepo, kulipira ndi Airtel Money kapena Mpamba kapena ku banki. Ine ndinapereka K180,000, mkati mwakemo muli tiyi, nkhomaliro ndi mapepala ophunzirira, koma thiransipoti ndi pogona ndi zako. Risiti inachedwa kwambiri mpaka kuchita kuimba foni mobwerezabwereza, zimene sizabwino kwa munthu amene akufuna akapemphe ku ofesi kuti amubwezereko kangachepe. Alawansi kulibe, ndipo tsiku loyamba ena anayamba kung'ung'udza kuti tisayina liti. Pamenepa ine ndili mbali ya okonzawo. Mmene kunalibe envelopu, aliyense amene anali m'holomo anabwera chifukwa akufunadi, panalibe zotuluka panja kukayankha foni kwa ola lathunthu kapena kusowa ikangotha nkhomaliro monga tizolowera ku Mponela ndi ku Salima.

Malo ake inali loji ina ku Lilongwe. Holo yabwinobwino, chakudya chokwanira, nsima mpunga chambo ndiwo zamasamba zonse zinalipo, magetsi atazima jenereta inachedwerapo pang'ono koma sizinasokoneze kwenikweni. Chimene chinandikhudza ndi ichi: panali amayi awiri oyamwitsa, mmodzi namwino wochokera kutali ndithu, anabwera ndi mwana ndi kamtsikana komulera, ndipo panalibe chipinda chilichonse chowakonzera. Mwanayo amakhala pansi pa mtengo panja dzuwa lili phwee, mayi ake kumatuluka kukayamwitsa pa benchi pafupi ndi malo oimika magalimoto, n'kumaphonya maphunziro amene analipira. Tireningi yokweza amayi siyingaiwale chinthu ngati chimenechi, chifukwa zaka zimene mzimayi amayenera kukwera pantchito ndi zaka zomwezo zimene amakhala akubereka, ndipo pamenepo ndi pomwe ambirife timatsalira. Ndinawauza okonzawo pamaso ndipo ndinalembanso pa fomu yomaliza ija.

Tsopano gawo la malamulo. Apa ndiye ndalama yanga inabwerera. Anaphunzitsa ndi loya wachitsikana wodekha koma wodziwa zinthu, sanagwiritse ntchito masilaidi ambiri, anangotigawira kope la Gender Equality Act ya 2013 aliyense lake n'kutiuza kuti titsegule ndime 11 tiwerenge tokha mokweza. Amayi inu, tonse timangoti 60-40, 60-40, koma atafunsa kuti ndani anawerengapo ndimeyi ndi maso ake, manja amene anakwera anali ochepa zedi, ndipo m'holomo munali maofisala akuluakulu ena a ku HR komwe. Lamulolo likuti amene ali ndi mphamvu yolemba kapena kusankha anthu pantchito za boma asalembe ochepera 40 pa 100 kapena opitirira 60 pa 100 a mtundu umodzi, amuna kapena akazi, mu dipatimenti iliyonse. Mvetsetsani, dipatimenti iliyonse, osati boma lonse kuliphatikiza pamodzi. Chifukwa mukaphatikiza anamwino ndi aphunzitsi a ku pulayimale nambala ya amayi imaoneka yabwino, koma kalowe m'chipinda chimene akukambirana bajeti ya unduna uone ali pa tebulopo ndi ndani.

Kenako anationetsa pomwe pali mpata wothawira. Ndime yomweyo imalola kuti gawolo lisatsatidwe ngati ofunsira alibe maphunziro kapena luso loyenera, ngati amene wapatsidwa ntchito waikana, kapena ngati munthu waluso lofunikalo sanapezeke. Ndiye chiganizo chija timachimva nthawi zonse chakuti amayi oyenera sanapezeke, kapena amayi sanafunsire, si chongolankhula ayi, ndi khomo lenileni limene lamulo linasiya. Loyayo anati njira yotsekera khomo limenelo ndi kufunsira mwaunyinji nthawi iliyonse vakansi ikatuluka, ndi kusunga umboni, kope la kalata yako, tsiku limene unapereka, sitampa ya ku registry. Ine ndakhala ndikusiya mavakansi kudutsa chifukwa choona kuti pa zinthu zofunikira zija chimodzi ndilibe, pomwe anzathu aamuna amaponya kalata ali ndi theka lokha, ndipo m'holomo amayi ambiri anavomereza kuti amachita chimodzimodzi.

Anatiuzanso kuti amene anapatsidwa udindo woona kuti lamuloli likutsatidwa ndi Malawi Human Rights Commission, ndiye munthu ukhoza kukadandaula kumeneko, komanso kwa Ombudsman ngati nkhani yake ndi yosatsata chilungamo pa kayendetsedwe ka ntchito, monga kukusiya ukugwirizira udindo kwa nthawi yaitali kenako pobwera pulomoshoni n'kupatsa wina. Za nkhanza zofuna kugona nawe kuti akukweze, lamulo lomweli limati ndi mlandu, chilango chake ndi chindapusa cha K1,000,000 ndi zaka 5 kundende. Pamene anafika pamenepa m'holo munangoti zii, kenako mayi wina wachikulire anakweza dzanja n'kufotokoza zimene zinamuchitikira ali mtsikana atangoyamba ntchito, ena anatsatira, ndipo loyayo sanathamangire nthawi, anasiya anthu alankhule. Zimene zinanenedwa mmenemo sindingazilembe pano. Ndingonena kuti nkhaniyi ndi yaikulu kuposa mmene timaivomerezera m'maofesimu, ndipo amayi ena amene timawanena kuti alibe chidwi chokwera anasiya dala kufunsira pothawa zimenezi.

Gawo lachiwiri labwino ndi intavyu yoyeserera. Anaika tebulo kutsogolo, panelo ya anthu atatu, wapampando wake mayi wina amene anapuma pantchito ali dayilekita ku Capital Hill ndipo wakhalapo pa mapanelo enieni kambirimbiri. Umalowa pakhomo ngati zenizeni, kugogoda, kupereka moni, kukhala, anzako onse akukuonerera, ndipo amakujambula pafoni yako yomwe kuti ukadzionere wekha kunyumba. Mayiwa sanyengerera. Mafunso ake ndi omwe aja a ku Civil Service Commission kapena ku komishoni ya makhonsolo: tiuzeni nsanamira zitatu za masomphenya a chitukuko a Malawi 2063 ndipo ntchito yanu ikulowa pati, kodi Public Finance Management Act ya 2022 ikuti chiyani za udindo wa controlling officer, mkulu woyankha pa ndalama za unduna kapena khonsolo, mwalandira malipoti a maodita akuti ndalama ina ilibe mavawucha mutani, wantchito wanu wajomba masiku angapo osatsanzika MPSR, buku la malamulo a ogwira ntchito m'boma, ikuti mutsate njira yanji, khansala akukukakamizani kuti kontirakiti mupatse munthu wake mumuyankha bwanji. Ambirife nsanamira zija tinazitchula bwino, ulimi wamalonda, mafakitale, kukula kwa mizinda, koma pofika pa ndalama ndi kagulidwe ka katundu wa boma tinayamba kupunthwa. Ndipo mayiwo ananena mosabisa kuti apa ndi pomwe amayi ambiri amagwera, osati chifukwa chopanda nzeru, koma chifukwa m'maofesi mwathu amatipatsa komiti ya zachisangalalo, ya maliro, ya tsiku la amayi, pomwe komiti yogula katundu ndi ya bajeti imapita kwa amuna, ndiye tsiku la intavyu mnzako akuyankha zimene wakhala akuchita ndi manja ake iwe ukuyankha zoloweza usiku. Malangizo awo anali akuti ukabwerera ku ofesi ukapemphe mwa kalata kuti akuike mu komiti imene muli ndalama, ngakhale ngati mlembi chabe, uziona mmene zimayendera.

Chinanso chimene anatigwira nacho ndi kalankhulidwe. Atandifunsa chimene ndinakwanitsa pantchito yanga, ine ndinayamba kuti tinagwira ntchito yakutiyakuti, tinamaliza pulani ya chitukuko, tinachita zakuti. Anandiimitsa n'kufunsa kuti mwa anthu onsewo iwe unachita chiyani. Pulaniyo ndinailemba ndine, usiku ndi usiku, koma pakamwa panga sipanazolowere kunena choncho chifukwa tinaleredwa kuti mwana wamkazi sadzitama, ukatero akuti ndiwe wamatama, wodzimva. Anandibweza katatu konse mpaka ndinanena bwinobwino. Sanandiuze kuti ndisiye ulemu ayi, anati ulemu ukhalepo koma panelo siingakupatse malikisi pa ntchito imene sunanene kuti ndi yako. Vuto la gawoli ndi nthawi basi. Tinalipo ambiri, ndiye ena anangopeza mphindi zochepa, ena omalizira anachita kuwaphatikiza awiriawiri, pomwe ili ndi gawo limene munthu walipirira. Bola akanachotsa zina zija n'kupereka tsiku lathunthu ku intavyu.

Zina zija ndikunenazi ndi gawo la kudzidalira. Anabweretsa bambo wina wolankhula zolimbikitsa anthu, suti yonyezimira, mayikolofoni m'manja, kutiimiritsa kuti tizifuula kuti ndine mtsogoleri, ndine mkango waukazi, kenako n'kuyamba kutiuza kuti mdani wamkulu wa mzimayi ndi mzimayi mnzake ndiponso kuti vuto lathu ndi kudziderera. Ine zimenezi ndatopa nazo. M'holomo munali mayi amene wayendetsa chipatala chaching'ono cha kumudzi yekha wopanda dokotala, munali mahedi a masukulu a ana masauzande, munali wapolisi amene wagwira ntchito m'malire, anthu amenewa sakusowa kudzidalira, akusowa mpando. Kuwauza kuti vuto lili m'mutu mwawo ndi kuchotsa mlandu pa amene amasankha anthu n'kuuika pa amene sakusankhidwa. Zoona nsanje pakati pa amayi ilipo, koma amuna nawonso amadyerana miseche m'maofesimu tsiku ndi tsiku ndipo palibe amene amati n'chifukwa chake asakwezedwe. Panalinso ola lathunthu la kavalidwe, kutalika kwa siketi, mtundu wa nsapato, tsitsi loyenera bwana. Mphindi khumi zikanakwana.

Gawo la mbiri linali lalifupi koma ndinalikonda, ndipo ndikanakonda atsikana ongoyamba kumene ntchito akanalimva. Rose Chibambo amene tili naye pa K200 uja anamangidwa mu 1959 atangobereka kumene, n'kupita kundende ndi khanda, kenako anakhala mzimayi woyamba m'boma la Kamuzu paudindo wa unduna, koma mkangano wa nduna wa 1964 unamuthamangitsira ku Zambia komwe anakhala zaka pafupifupi 30. Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, anakhala m'ndende kuyambira 1981 mpaka 1993. Anastasia Msosa anayendetsa chisankho cha 1994 chimene chinatilowetsa mu ndale za zipani zambiri, ndipo mu 2013 anakhala mkulu wa majaji woyamba wamkazi. Joyce Banda anakhala pulezidenti mu April 2012 Bingu atamwalira, Catherine Gotani Hara sipikala woyamba wamkazi mu 2019, Martha Chizuma anachoka pa u Ombudsman n'kukatsogolera ACB mu 2021, ndipo kwa ife a m'boma, mpando wapamwamba kwambiri wa civil service anakhalapo Hawa Ndilowe nthawi ya Joyce Banda, kenako Colleen Zamba kuyambira 2022 mpaka 2025. Chisankho cha September 2025 chinatipatsa Jane Ansah ngati wachiwiri kwa pulezidenti. Mayina alipo ndithu. Koma wophunzitsayo anafunsa funso labwino, lakuti pansi pa mayina amenewa pali ndani, madayilekita angati, ma DC angati, ma PS angati, chifukwa mzimayi mmodzi pamwamba akachoka timabwerera pomwe tinali ngati pansipo palibe mzere wa ena okonzeka kulowa.

Ndipo tonse tikukumbukira mawu aja akuti ng'ombe yaikazi siikoka ngolo mmene anamvekera nthawi ya kampeni ya 2014. Chaka chimenecho amayi opambana ku Nyumba ya Malamulo anatsika kufika pa 32 mwa mipando 193, ngakhale kampeni ya 50-50 inalipo. Mu 2019 anakwerako kudutsa 40, komabe osafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Mzimayi mmodzi akalephera kapena akangoganiziridwa kuti walephera, anthu amati tinayesa kale akazi, koma amuna akhala akulephera chilandirire ufulu mu 1964 ndipo palibe amene amati tinayesa kale amuna. Wophunzitsa uja anatchulanso za Rwanda, komwe malamulo aakulu a dziko a 2003 anaika kuti amayi asachepere 30 pa 100 m'malo opanga ziganizo, mipando 24 mwa 80 ya aphungu n'kusungira amayi, ndipo pano amayi ndi opitirira 60 pa 100 m'nyumba imeneyo. Kwathu kuno 60-40 ija siikhudza mipando yochita kuvoteredwa, ndiye zipani zimachita mmene zafunira pa mapulayimale.

Za ndalezi anangodutsamo mwachangu, ndiye ngati cholinga chanu ndi kudzaimira ukhansala kapena uphungu, tireningi iyi si yanu kwenikweni. Anangotikumbutsa kuti wogwira ntchito m'boma amayenera kusiya kaye ntchito asanaimire, ndi kuti MEC imadula pakati ndalama yolembetsera kwa amayi, mu 2025 phungu wamwamuna amalipira K2.5 miliyoni wamkazi K1.25 miliyoni. Za kapezedwe ka ndalama ya kampeni, za kuthana ndi anyamata a chipani, za kutukwanidwa pa Facebook, palibe chimene anakamba.

Chimene ndinaona kuti chikusowa kwambiri ndi amene ali ndi makiyi. Tinali amayi okhaokha kuphunzitsana mmene tingakonzekere, koma panalibe ngakhale mmodzi wochokera ku maofesi amene amalemba ndi kukweza anthu kuti atiyankhe mafunso, kuti kodi mumawerengera bwanji 60-40 pochita shotilisiti, kodi manambala a dipatimenti iliyonse ali kuti, bwanji mavakansi ena timawamva tsiku lotsekera litadutsa. Kumbukirani October 2020 pamene amayi anachita zionetsero m'mizinda chifukwa cha mabodi a makampani a boma amene anadzaza amuna, zimenezo zinachitika lamuloli lili kale m'mabuku zaka zingapo. Ndiye kukonzekeretsa amayi kokha sikokwanira, tikhoza kukhala ndi masitifiketi odzaza khoma koma ngati wosankhayo palibe womufunsa, zinthu sizisuntha. Okonzawo atamva dandauloli anati anaitana ena koma sanabwere. Ndawapempha kuti ulendo wina ayesetse, ngakhale munthu wopuma kale amene anakhalapo komishonala.

Za mtengo, kwa ine amene ndili pa giledi ya ofisala ndinachita kudzimana, nanga mphunzitsi wa ku pulayimale ku Chitipa kapena HSA wa ku Nsanje, aphatikize basi, pogona ndi K180,000, ndi malipiro a mwezi wathunthu kapena kupitirira. Mapeto ake amene amafika ku tireningi zoterezi ndi ife omwe tili kale pafupi ndi tauni, pomwe amayi ambiri a m'boma ali kumidzi, m'masukulu ndi m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo ndi omwewo amene amakhala giledi imodzi mpaka kupuma. Akanatha kumalola kulipira pang'onopang'ono, kapena kutengera gawo la malamulo lija m'maboma Loweruka limodzi pa mtengo wotsika, holo ya pa TDC, pomwe aphunzitsi amachitira maphunziro awo, ikhoza kukwana.

Sitifiketi amapereka, yooneka bwino, koma musaidalire kuti ikupatsani malikisi ku intavyu, si digiri ndipo si ya ku Malawi School of Government. Chimene ndapindula nacho kwambiri chichokereni ndi gulupu ya WhatsApp imene tinatsegula tokha, osati ya okonzawo. Mmenemo vakansi ikangotuluka wina amaponya tsiku lomwelo, amene ali ndi intavyu timamuimbira madzulo n'kumufunsa mafunso ngati panelo, a ku akaunti akutiphunzitsa za IFMIS, njira ya pakompyuta yoyendetsera ndalama za boma, ndi mavawucha, ife a mapulani tikuwathandiza za Malawi 2063, ndipo mayi dayilekita aja anavomera kulowamo, amayankha akapeza mpata. Ine ndalemba kale kalata yopempha kulowa mu komiti ya bajeti ya khonsolo yathu, ndikudikira yankho.

Amene mukupita ulendo ukubwerawu, tengani CV yanu yosindikiza, kalata yomaliza imene munafunsira nayo ntchito, ndi kope la vakansi ya udindo umene mukuufunadi, chifukwa mayi aja amakonza pomwepo ndi bolopeni yofiira ndipo amene sanabweretse anangoonerera. Foni ikhale ndi malo ojambulira vidiyo. Funsani musanalipire kuti mukhala angati ndipo aliyense apatsidwa mphindi zingati pa intavyu yoyeserera, akakuuzani kuti mupitirira 30 dikirani gulu lina. Ndipo ngati mukuyamwitsa auzeni nthawi yolembetsa yomweyo kuti akukonzereni chipinda, muwalembere pa meseji kuti pakhale umboni.